Usachoke Pakhomopa

Mwana anali asanakhute pamene kukuwa kunamveka. Madamu anali atakhala pa mulu wa njerwa kuseri kwa makalasi, khanda lili pabere, apongozi ake ataima pambali ndi ambulera n'kumamufotokozera za mnansi amene anayanika bulangeti pa chingwe cha eni. Poyamba kunamveka ngati benchi yagwa. Kenako kulira kwa mwana mmodzi, ndipo posakhalitsa kalasi yonse inaphulika.

"Si kwanu kumeneko?" anafunsa apongoziwo.

Madamu anachotsa khandalo pabere likuyamwabe, analipereka kwa agogo ake, n'kuthamanga uku akumanga mabatani a bulauzi mosemphanitsa.

Atakhota pakona anapeza ana ali piringupiringu. Wailesi, kamnyamata kolongolola kuposa onse m'kalasi mwake, anali atakhala pansi manja ali kukamwa, magazi akudontha pakati pa zala mpaka pa yunifolomu. Pafupi naye panali dasitala, ija yokhala ndi thabwa kumsana. Ndipo pakhomo penipeni, pamene Madamu anamusiya, panaima Namondwe, mtsikana wamtali kuposa anzake onse, maso ali pakhoma.

A Hedi anafika nthawi yomweyo, tayi ikuuluka. Anayang'ana magaziwo, anayang'ana Namondwe, kenako anatembenukira kwa mphunzitsi.

"Madamu, inu munali kuti?"

"Ndinangopita kukatenga choko."

Bodzalo linatuluka lokha, Madamu asanaliganize n'komwe. Ana onse analimva, koma mwana satsutsa mphunzitsi pamaso pa a Hedi. Namondwe naye analimva. Anachotsa maso pakhoma paja, anamuyang'ana Madamu pang'ono, n'kuwerama. A Hedi analamula kuti Wailesi akatsukidwe ndi kuperekezedwa kuchipatala, Namondwe apite kunyumba, ndipo mawa m'mawa makolo a ana onse awiri abwere ku ofesi. Aliyense pasukulupo ankadziwa tanthauzo la mawa limenelo.

Dzina loti Namondwe sanalipeze pachabe. M'makalasi a m'munsi anaswapo galasi la windo ndi mutu wa mnzake, analumapo mphunzitsi padzanja, ndipo anang'amba mabuku ambiri kuposa amene anawerenga. Akapsa mtima sankaona munthu. Aphunzitsi ankapatsirana mwanayo chaka ndi chaka ngati mbale yotentha, mpaka komiti ya sukulu inatopa n'kunena mawu omaliza: akadzangomenyanso munthu, basi, akafune sukulu ina. Sukulu ina yomwe ikanalandira mwana wa mbiri yotereyo panalibe.

Amene anamupulumutsa nthawi imeneyo anali mlangizi wa ana, bambo woonda wa magalasi amene ana ndi aphunzitsi omwe ankawatcha a Pang'ono, chifukwa chilichonse iwo ankati chichitike pang'onopang'ono. Anapempha kachipinda kamene ankasungiramo madesiki othyoka, anakasesa, anaikamo mpando ndi katoni ya sandipepa. Ndiye anapangana ndi Namondwe pamaso pa a Hedi ndi bambo ake. Akangomva kutentha kukukwera m'chifuwa, aimirire, atuluke osapempha chilolezo kwa wina aliyense, apite kukachipinda kaja akakhweche desiki mpaka mpweya ubwerere. Mphunzitsi asamuimitse, asamufunse. Bambo ake nawo analonjeza kupachika lamba, chifukwa mwana womenyedwa madzulo amakabweza kwa mnzake m'mawa. Aphunzitsi ena ankaseka, ankati sukulu yatsegula shopu ya ukalipentala. Koma teremu yonse inatha Namondwe osakhudza munthu, ndipo madesiki osalala anayamba kubwerera m'makalasi.

Madamu ankazidziwa zonsezi. Anali m'gulu la amene anawomba m'manja.

Vuto lake linali khanda, limene apongozi ake ankalitcha a Bwana. A Bwana ankakana botolo kwamtuwagalu. Sukulu inalola kuti azibwera nawo pa buleki, koma a Bwana sankadziwa belu. Akayamba kulira, agogo awo ankangowabereka n'kubwera kudzaima kuseri kwa makalasi, kaya ndi nthawi ya masamu kaya ya chiyani. Madamu akatuluka, kalasi yake, yodzaza mpaka ena kukhala pansi, inkasanduka msika. A Hedi anamuitanapo n'kumukumbutsa kuti anali asanatsimikizidwe pantchito, ndipo kuti mphunzitsi wosiya ana okha sadzamulembera mawu abwino.

Tsiku lina akutuluka, anaona kuti Namondwe atangoimirira kukanola pensulo, mzere wonse wa kutsogolo unati zii. Nzeru inamubwerera pomwepo. Anamuitanira pakhomo n'kumunong'oneza.

"Ima pano, uwayang'ane. Usachoke pakhomopa mpaka ndibwere, zivute zitani. A Hedi akangomva phokoso, ine ndi iwe tapsa."

Nkhope ya mtsikanayo inawala. Kuyambira tsiku limenelo kalasi ya Madamu inali yachete kuposa onse, mwini wake alipo kaya palibe, ndipo a Hedi anaiyamikira pamsonkhano wa aphunzitsi. A Pang'ono anali atapempha kale kuti mwanayo apatsidwe kantchito kosonyeza kuti akukhulupiriridwa, monga kugawa makope kapena kufufuta bolodi. Atafunsa ngati zatheka, Madamu anangoti amandithandiza kwambiri m'kalasi. Si bodza limenelo, anadziuza yekha. A Pang'ono anakondwera mpaka kukamugwira chanza Namondwe.

Tsopano Madamu anali pampopi, akutsuka kukamwa kwa Wailesi. Dzino lakutsogolo linali litathyoka pakati, mlomo utatupa. Koma Wailesi sazima, ngakhale dzino lithyoke.

"Anafuna kupita kwa a Pang'ono, Madamu," anatero uku akulavula madzi ofiira. "Anatuluka mpaka pakhonde, n'kubwerera. Anatulukanso, n'kubwereranso. Ndiye ine ndinangoti, bwanji galu wa Madamu, unyolo wakufupikira? Anthu anaseka. Ndiye ndinangowonjezera pang'ono za mayi ake aja anathawa."

"Khala chete, magazi asiye," anatero Madamu.

Koma amene anafunika kukhala pansi anali iyeyo. Mwana uja anachita zonse zimene anaphunzitsidwa. Anamva kutentha, anaimirira, anauyamba ulendo wa kukachipinda. Chinamubweza pakhonde chinali mawu a mphunzitsi wake.

Poweruka Madamu anakumana ndi a Pang'ono akukiya kachipinda kawo. Ankaoneka ngati munthu amene waberedwa mbewu m'munda. Anati sakumvetsa. Mwanayo anali atazolowera njira yake mwakuti nthawi zina ankafika, kukhwecha pang'ono, kuseka yekha n'kubwerera m'kalasi. Lero chitseko chinali chotsegula, iwo ali momwemo, koma sanabwere. Anayesa kumufunsa asanapite kunyumba, mwanayo osatsegula pakamwa. Anafunsa Madamu ngati anaonapo chachilendo masiku amenewa.

Madamu anati sanaone kanthu. Ili ndiye linali bodza lenileni, ndipo analimva kulemera kwake njira yonse.

Kunyumba anapeza apongozi ake akupinda matewera pakhonde, a Bwana ali m'tulo pa mkeka. Mwamuna wake, woyendetsa galimoto za katundu, anali kutali monga mwa nthawi zonse, ndiye nyumbayo inali ya akazi awiriwa ndi mfumu yawo yogonayo. Apongozi anayamba ndi nthabwala, kuti sanadziwe kuti mpongozi wawo amathamanga chotero, akanamulembetsa mpikisano. Ataona kuti sizikusekedwa, anasiya tewera n'kufunsa bwinobwino. Madamu anawauza zonse, kuyambira pakhomo paja mpaka choko chimene sanakatenge.

Mayiwo anasalaza tewera lomwe linali losalala kale.

"Mapanga awiri avumbwitsa, make mwana. Ine ndinkaona kuti zidzatere. Koma nanga ndikanatani, a Bwana akulira mpaka kuuma?"

"Simunalakwe ndinu, Amayi."

"Ndiye iwenso usadzipachike wekha. Mwanayo ndi womenya kale, dziko lonse likudziwa. Lero ukanakhalapo, akanamenya mawa. Ukatsegula pakamwa ntchito ithe, a Bwanawa adya chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Madamu anavomera ndi mutu. Mawuwo ndi amene ankafuna kumva, ndipo anadabwa kuti atawamva mtima sunatsike. Apongozi nawo sanaoneke okhutira ndi uphungu wawo. Analowa m'nyumba ndi matewera, anatulukanso opanda chifukwa, n'kufunsa ngati mtsikanayo ali ndi mayi. Atamva kuti mayi ake anachoka iye ali wamng'ono, anangoti mhm, n'kukayatsa moto. Madamu anayesa kuchonga makope koma ankangobwereza tsamba limodzi. Kope la Namondwe linali m'mulu momwemo, zilembo zake zikuluzikulu zodinda mpaka kuboola pepala, ndipo analibweza pansi pa anzake osalitsegulanso.

M'mawa ofesi ya a Hedi inachepa. Mayi a Wailesi anakhala pampando wa pafupi ndi windo, mwana wawo ali pambali mlomo uli tutumu. A Pang'ono anaima chotsamira kabati. Madamu anapatsidwa mpando wa pakona, pansi pa mapu. Omaliza kulowa anali bambo ake a Namondwe, owotcherera zitsulo, maso ofiira ndi moto wa ntchito yawo, malaya oyera bwino koma odzaza timabowo ta nthethe. Chipewa anachigwira ndi manja awiri. Namondwe analowa pambuyo pawo atavala juzi ya manja aatali, ngakhale kunja kunali kutatentha kale.

Mayi a Wailesi sanadikire kupatsidwa mpata. Anati iwo anatumiza mwana kusukulu ndi mano athunthu. Anati akudziwa kuti mwana wawo pakamwa sipatsekeka, anatengera bambo ake, koma kulongolola si mlandu wothyolera munthu dzino. Dasitala ija ikanakwera pang'ono likanakhala diso. Anafunsa kuti sukulu ikudikira maliro kodi kuti ichitepo kanthu. Palibe amene akanawatsutsa, ndipo palibe anayesa.

Bambo ake a Namondwe anapepesa. Anapepesa kwa mayiwo, kwa a Hedi, kwa a Pang'ono amene anataya nthawi yawo, ndipo anatembenuka n'kupepesa kwa Madamu, amene anamva kuti anamukonda mwanayo mpaka kumupatsa udindo. Anati za kuchipatala azisenza okha. Nkhuyu zodya mwana zipota akulu, anatero, ndipo iwo sakukana kupotedwa. Chimene ankapempha n'chimodzi, kuti mwanayo asachotsedwe, chifukwa akakhala panyumba yekha tsiku lonse, iwo ali kuntchito, ndiye kuti amutaya.

Madamu ankayang'ana nsapato zake. Kupepesa kwa bamboyo kunamupweteka kuposa kukalipa kwa mayi uja.

A Pang'ono anayankhula modekha monga mwa chizolowezi. Anati mwana amene wayenda teremu yonse osagwa, akapunthwa kamodzi sitinena kuti sadziwa kuyenda. Anapempha nthawi. A Hedi anawadula mwaulemu. Anati iwo sakutsutsa ntchito ya kachipinda kaja, anaiona ndi maso awo, koma pangano linali pangano. Mwanayo anapatsidwa khomo lotulukira limene mwana wina aliyense pasukulupo alibe. Ngati analiona khomolo n'kusankha dasitala, iwo akauza chiyani makolo a ana enawo? Atatero, a Hedi anavula magalasi awo n'kuyang'ana mtsikanayo.

"Ndikufunsa komaliza. Unadziwa kuti wapsa mtima?"

"Eya."

"Unadziwa kopita?"

"Eya."

"Nanga unalekeranji kupita?"

Namondwe anawerama. Bambo ake anamugwedeza paphewa, anamuchonderera kuti ayankhe aphunzitsi. Iye maso anali pa simenti. Sanayang'ane pakona pamene panakhala Madamu ngakhale kamodzi, ndipo Madamu anazindikira kuti mwanayo akuchita dala, kuopa kuti diso lingamuulule mphunzitsi wake.

A Hedi anapuma mozama n'kukoka pepala. Anati kalata yochotsera mwana ikhala itakonzeka pofika masana, bamboyo adzaitenge. Chipewa chija chinapindika m'manja mwa mwini wake. Anathokoza, chifukwa anali munthu wothokoza ngakhale pomwe palibe chothokozera, n'kuuza mwana wake kuti atsanzike aphunzitsi. Namondwe anapita kwa a Pang'ono, anawagwira chanza osawayang'ana. Kenako anafika pakona paja, anawerama ngati akutola kanthu, n'kunena motsitsa kuti amve Madamu yekha.

"Pepani, Madamu. Phokoso linamveka. Koma sindinachokepo."

Madamu anamva mkaka ukutsika wokha n'kunyowetsa bulauzi, monga unkachitira a Bwana akalira. Anaimirira asanadziwe kuti ayamba ndi mawu ati.

"A Hedi, dzulo sindinapite kukatenga choko."

Anafotokoza ataimirira, manja atapingasa pachifuwa. Ananena za khanda ndi njerwa za kuseri, za masabata onse amene ankatuluka pakati pa phunziro, za mwana amene ankamuimika pakhomo kuti anzake aziopa, ndi mawu enieni amene anamuuza, kuti asachoke zivute zitani. Ananenanso zimene Wailesi anamuuza pampopi. Wailesi, atamva dzina lake, anatsegula pakamwa kuti awonjezere, koma mayi ake anamutsina pantchafu.

A Pang'ono anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi, ndipo anawapukuta nthawi yaitali. Atayankhula, sanakweze mawu. Anati iwo anapempha kuti mwanayo azigawa makope. Mwana amene akuphunzira kugwira mtima wake sumupatsa ntchito yogwira mitima ya anzake, ndipo ngati Madamu anali pa mpanipani akanangonena, akanasinthana naye nthawi, iwo akanamakhala m'kalasimo mphindi zimenezo. Madamu sanaganizepo n'kamodzi komwe zopempha. Ankaopa kuoneka wolephera, ndipo tsopano manyazi amene ankawathawa anamupeza pagulu.

Mayi a Wailesi anapukusa mutu. Anati iwonso anayamwitsapo, akudziwa, koma dzino la mwana wawo silimera chifukwa cha zimenezo. Komabe mawu awo anali atatsika, ndipo mpando anali atautembenuzira kwa Madamu.

Bambo ake a Namondwe anasiya kupepesa. Anamuyang'ana mwana wawo, juzi yake ya manja aatali ija, kenako anayang'ana Madamu ndi maso awo ofiirawo.

"Aphunzitsi, ine lamba ndinapachika teremu yatha. Ndinalonjeza mu ofesi muno. Dzulo ndamufunsa mwanayu chifukwa chake, wakana kundiuza. Ndamufunsanso, wakana. Ndiye ndinalitsitsa. Mukanandiuza dzulo lomwelo."

Pepani amene anatuluka pakamwa pa Madamu anali wochepa kwambiri mwakuti iye mwini anachita naye manyazi.

A Hedi anabweza pepala lija mu drowa. Anati dasitala sinadziponye yokha, choncho Namondwe akhala kunyumba masiku ochepa, akapepese kwa Wailesi ndi makolo ake, ndipo akabwerera apitiriza ndi a Pang'ono. Wailesi nayenso azikaonekera kukachipinda komweko, chifukwa pakamwa pake pakufunika sandipepa. Za Madamu anati akambirana awiri, ndipo kalata imene ilembedwe masanawo ikhala ya iyeyo. Sanabise kuti za kutsimikizidwa pantchito aiwale kaye chaka chino.

Bambo aja anathokoza, koma anali ndi pempho lina. Anati sakufuna kunyoza munthu, koma mwana wawo asamukire m'kalasi ina, imene inali ndi aphunzitsi aamuna. A Hedi anayang'ana a Pang'ono, a Pang'ono anagwedeza mutu, nkhani inatha.

Inali nthawi ya buleki pamene Namondwe anapita kukatenga zinthu zake. M'kalasi munalibe munthu. Madamu anamutsatira n'kuima pafupi ndi tebulo, akusanja makope amene anali osanjika kale. Anatulutsa kope la mtsikanayo pansi pa mulu n'kumupatsa. Namondwe analilandira ndi manja awiri, analiika m'chikwama pamodzi ndi rula yothyoka ndi kabotolo ka madzi. Potambasula dzanja juzi inakwera pang'ono, ndipo Madamu anaona mzere wotupa pamkono. Anayang'ana kumbali.

Mtsikanayo sanafulumire kutuluka. Anaima pakati pa mabenchi, akusewera ndi zipi ya chikwama.

"Madamu, ine sindinafune kusamuka."

"Ndikudziwa. Koma bambo ako anena zoona."

"A Pang'ono anandiuza kuti mwandipatsa ntchito chifukwa mwaona kuti ndasintha." Anakweza maso. "Ndi zoona eti?"

Bodza linali pafupi, ndipo linali bodza lokoma, loti mwana akanapita nalo kunyumba akumwetulira. Madamu analimva likufika pa lilime monga linafikira la choko lija. Koma mwanayu anali atamenyedwa kale chifukwa cha mabodza ake, ndipo ngati akanapita akukhulupirira kuti kuopedwa ndiko kukhulupiriridwa, tsiku lina akanadzaimanso pakhomo la munthu wina.

"Kusintha unasinthadi, mwanawe. Aliyense anaona. Koma ine sindinakusankhire zimenezo. Ndinaona kuti anzako amakuopa, ndiye ndinagwiritsa ntchito manthawo. Ndinakulakwira."

Namondwe anamuyang'ana nthawi yaitali. Madamu anaona chifuwa cha mwanayo chikukwera ndi kutsika, zala zikufinya lamba wa chikwama, ndipo anadikira chilichonse chimene chikanabwera, chifukwa ankaona kuti n'chomuyenera. Koma sipanauluke kanthu. Misozi iwiri inatsika, yoyamba imene Madamu anaionapo pankhope imeneyo, ndipo mtsikanayo anaipukuta msanga ndi dzanja la juzi.

"Ndiye mukanangonena kuti mukufuna galu," anatero motsitsa.

Anakoleka chikwama paphewa n'kutuluka. Bambo ake ankamudikira pageti, chipewa chili kumutu tsopano. Madamu anawaona pawindo akuyenda motalikirana pang'ono, mpaka bamboyo anatambasula dzanja n'kumulandira mwanayo chikwama.

Belu linalira. Ana analowa mothamanga, akukankhana pamabenchi, ndipo ataona nkhope ya mphunzitsi wawo anakhala chete okha. Madamu anatenga choko, anatembenukira ku bolodi n'kulemba tsiku, koma zilembo zinatuluka zokhota mwakuti anafufuta ndi chikhatho n'kuyambiranso.